Ntchito ya Chiganizo Chilichonse: Mafunso ndi Mayankho pa Kamangidwe ka Mtsutso m'Mayeso Olowera Maphunziro Apamwamba

Munthu amene wamaliza digiri yoyamba ndipo akufuna kukapitiriza maphunziro ku yunivesite ya kunja, makamaka a zamalonda ndi kayendetsedwe ka makampani, kawirikawiri amauzidwa kuti ayambe walemba mayeso olowera, ndipo m'mayeso amenewa mumakhala mafunso ena amene sayesa zomwe munthu adaloweza m'kalasi koma amayesa ngati angathe kuona m'mene mfundo zalumikizirana m'ndime yaifupi. Mayankho otsatirawa akufotokoza mtundu umodzi wa mafunsowo, umene umafunsa za kamangidwe ka mtsutso, ndipo zitsanzo zake zachokera ku Nkopola ndi magombe ena a kumwera kwa Nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, kumene nkhani za usodzi, za alendo ndi za kukwera kwa madzi sizichoka pakamwa pa anthu. Ndime zoyeserera zalembedwa pofuna kuphunzitsa chabe, ngakhale kuti zatsamira pa zinthu zodziwika za m'derali.

Kodi mayeso amenewa ndi ati, ndipo mafunso a mtsutso amapezeka pati?

Mayeso odziwika kwambiri kwa ofuna digiri ya MBA ndi GMAT, amene amayendetsedwa ndi bungwe la Graduate Management Admission Council la ku America ndipo adayamba kulembedwa mu 1954, ngakhale kuti panthawiyo ankatchedwa ndi dzina lina. Kuyambira mu Novembala 2023 mayesowa adakonzedwanso kotero kuti ali ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, zomwe ndi masamu okhala ndi mafunso 21, kumvetsa zolembedwa kokhala ndi mafunso 23, ndi kusanthula ziwerengero kokhala ndi mafunso 20. Malikisi ake amayambira pa 205 kukafika pa 805, ndipo amagwira ntchito kwa zaka zisanu. Mafunso a mtsutso, amene m'mayesomo amatchedwa Critical Reasoning, ali m'chigawo cha kumvetsa zolembedwa, ndipo popeza mafunso 23 ayenera kutha m'mphindi 45, wolemba amakhala ndi mphindi zosakwana ziwiri pa funso lililonse, kuti awerenge ndime, awerenge mayankho asanu, ndi kusankhapo limodzi. Mayeso a GRE, oyendetsedwa ndi bungwe la ETS, adafupikitsidwa mu Seputembala 2023 ndipo chimangirizo chosanthula mtsutso chidachotsedwamo, komabe mafunso ofunsa ntchito ya chiganizo adakalimo m'gawo lowerenga. Nawo mayeso a LSAT, amene amalembedwa ndi ofuna kukaphunzira zamalamulo ku America ndi ku Canada, ali ndi mafunso ambiri a mtundu womwewu. Onsewa amalembedwa m'Chingerezi.

Kodi mtsutso n'chiyani, ndipo uli ndi zigawo ziti?

Mtsutso, malinga ndi m'mene mayesowa amauonera, ndi ndime imene mwini wake akufuna kuti wowerenga avomereze mfundo inayake, ndipo akupereka zifukwa zoti aivomereze. Mfundo imene akufuna kuti ivomerezedwe ndiyo chigamulo, pamene zifukwa zimene wazipereka ndizo umboni, ndipo popanda ziwirizi ndimeyo imangokhala nkhani yolongosola zinthu. Pambali pa ziwirizi pamapezekanso zigawo zina zinayi zimene olemba mayeso amazikonda. Choyamba ndi chiyambi cha nkhani, chimene chimangouza wowerenga m'mene zinthu zilili popanda kuchirikiza mbali iliyonse. Chachiwiri ndi mfundo yotsutsidwa, imene mlembi amaitchula ndi cholinga choti aigwetse. Chachitatu ndi chivomerezo, pamene mlembi amavomera kuti otsutsana naye akunena zoona penapake asanawatembenukire. Ndipo chachinayi ndi chigamulo chapakati, chimene chimachirikizidwa ndi umboni koma nachonso chimachirikiza chigamulo chachikulu.

Aliyense amene adakhalapo pabwalo la mfumu adaziona zigawo zimenezi zikugwira ntchito. Pamlandu wa matchera amene adadulidwa usiku, nduna imayamba yalongosola m'mene nkhani idafikira pabwalo, wodandaula ndi woyankha amanena mbali zawo, mboni zimaitanidwa, kenako bwalo limakhazikitsa kuti bwato la woyankha ndilo lidadutsa pamalopo usikuwo. Kukhazikitsa kumeneko n'chigamulo ndithu, chifukwa kwachokera pa mawu a mboni, koma mlandu sunathe mpaka mfumu itanena kuti woyankhayo alipire; choncho mawu onena za bwato ndi chigamulo chapakati, pamene mawu onena za kulipira ndiwo chigamulo chachikulu.

Kodi mafunso a kamangidwe amasiyana bwanji ndi mafunso ena a mtsutso?

Mafunso ambiri a m'gululi amafuna kuti wolemba mayeso achitepo kanthu pa mtsutsowo, monga kupeza mfundo imene ingaulimbitse, imene ingaufooketse, kapena imene mlembi waidalira osaitchula. Mafunso a kamangidwe safuna chilichonse cha izi, chifukwa chimene amafunsa ndi ntchito imene chiganizo china chikugwira m'ndimemo, kapena njira imene mlembi wadzera pofika pa chigamulo chake. Odziwika kwambiri ndi aja amene zigawo ziwiri za ndime zimalembedwa ndi zilembo zonenepa, ndipo wolemba mayeso amafunsidwa kuti anene ntchito ya gawo loyamba ndi ya gawo lachiwiri. Palinso ena amene anthu awiri amayankhulana, ndipo funso limakhala lakuti wachiwiriyo wamuyankha mnzake m'njira yotani, kaya potsutsa umboni wake, kaya popereka chifukwa china chimene mnzakeyo sadachiganizire, kaya poonetsa kuti maganizo akewo atatsatidwa angabale zotsatira zosayenera. Mfundo yaikulu, imene ophunzira ambiri amachedwa kuivomereza, ndi yakuti kuona kapena kunama kwa chiganizo kulibe gawo pa yankho. Chiganizo chabodza chikhoza kukhala umboni, ndipo chiganizo choona chikhoza kukhala mfundo imene mlembi akuitsutsa.

Kodi chigamulo chachikulu chimadziwika bwanji?

Anthu ambiri amaganiza kuti chigamulo chimakhala kumapeto kwa ndime, kapena kuti chimatsogozedwa ndi mawu monga therefore, thus ndi hence, amene amafanana ndi choncho kapena motero. Mawu oterewa amathandizadi, monganso since ndi because amalozera umboni ndipo however ndi although amalozera pamene mlembi akutembenuka, koma olemba mayeso amadziwa kuti ophunzira amawadalira, ndipo mwadala amawaika patsogolo pa chigamulo chapakati n'kusiya chigamulo chachikulu chopanda chizindikiro chilichonse, nthawi zina kumayambiriro kwenikweni kwa ndime. Njira yodalirika ndi kutenga ziganizo ziwiri zimene zikukayikitsa n'kuzilumikiza ndi mawu akuti chifukwa, koyamba mbali iyi, kachiwiri mbali inayo. Ziganizo zakuti alendo amachepa kunyanja m'nyengo ya mvula, ndi zakuti malo ogona alendo ayenera kutsitsa mitengo mu Febuluwale, zimamveka zikanenedwa kuti mitengo itsitsidwe chifukwa alendo amachepa, koma sizimveka zikatembenuzidwa kuti alendo amachepa chifukwa mitengo iyenera kutsitsidwa. Chiganizo chimene chimabwera pambuyo pa liwu lakuti chifukwa ndicho chikuchirikiza chinzake, ndipo chimene chikuchirikizidwa popanda icho kuchirikiza china chilichonse m'ndimemo ndicho chigamulo chachikulu.

Kodi funso lathunthu limaoneka bwanji, ndipo limayankhidwa motani?

Ndime yoyeserera ikhoza kukhala yotere: Anthu ena ogwira ntchito zokopa alendo ku Nkopola akunena kuti kuletsa asodzi kukoka makoka pafupi ndi malo ogona alendo kudzachulukitsa chambo m'derali. N'zoonadi kuti chambo chimaswana m'madzi osaya, kumene chachimuna chimakonza chisa mumchenga, ndipo khoka likamakwekwerezedwa pansi limaphwasula zisazo. Koma asodzi akachotsedwa pagombe limodzi amangosamukira pagombe loyandikana nalo, kumene chambo chimaswananso. Motero kuletsako kudzangosuntha vuto m'malo molithetsa, ndipo makomiti a m'magombe ayenera kugwirizana pa lamulo limodzi kuyambira ku Mangochi mpaka ku Monkey Bay.

M'mayeso, mawu akuti kuletsa makoka kudzachulukitsa chambo akhoza kukhala gawo loyamba la zilembo zonenepa, ndipo mawu akuti kuletsako kudzangosuntha vuto akhoza kukhala gawo lachiwiri, mayankho ake n'kukhala awa:

A. Gawo loyamba ndi chigamulo chachikulu cha mlembi. Lachiwiri ndi umboni wochichirikiza.
B. Gawo loyamba ndi mfundo imene mlembi akuitsutsa. Lachiwiri ndi chigamulo chake chachikulu.
C. Gawo loyamba ndi mfundo imene mlembi akuitsutsa. Lachiwiri ndi chigamulo chimene chikuchirikiza chigamulo chachikulu.
D. Gawo loyamba ndi umboni umene mlembi wauvomereza. Lachiwiri ndi mfundo imene akuitsutsa.
E. Gawo loyamba ndi chiyambi cha nkhani. Lachiwiri ndi chigamulo chachikulu cha mlembi.

Wowerenga wodekha amayamba wafunsa kuti gawo loyamba ndi mawu a yani, ndipo amapeza kuti ndi mawu a anthu ena amene mlembi wawatembenukira ndi liwu lakuti koma. Izi zokha zimagwetsa A, D ndi E, chifukwa mfundo imene mlembi akuikana singakhale chigamulo chake, umboni wake, kapena chiyambi chosakondera mbali. Potsala B ndi C m'pamene pali msampha, popeza gawo lachiwiri latsogozedwa ndi motero ndipo lili m'chiganizo chomaliza. Koma ziganizo ziwiri zomalizazo zikalumikizidwa ndi chifukwa, zimaoneka kuti makomiti ayenera kugwirizana chifukwa kuletsa pagombe limodzi kumangosuntha vuto, osati kuti vuto limasuntha chifukwa makomiti ayenera kugwirizana. Choncho gawo lachiwiri ndi chigamulo chapakati, ndipo yankho ndi C. N'kofunikanso kuona kuti chiganizo chonena za zisa za chambo, ngakhale chili choona ndipo chanenedwa ndi mlembi mwiniwake, chikuthandiza mbali ya otsutsana naye, ndipo ntchito yake m'ndimemo ndi ya chivomerezo.

Kodi mfundo yobisika imakhudzana bwanji ndi kamangidwe?

Pafupifupi mtsutso uliwonse umasiya mfundo ina osainena, pokhulupirira kuti womvera adzaidzaza yekha. Aristotle adalongosola mitsutso yotere polemba za luso la kuyankhula pagulu, ndipo Stephen Toulmin, katswiri wa filosofi wa ku Britain, m'buku lake The Uses of Argument la mu 1958, adaonetsa kuti pakati pa umboni ndi chigamulo pamakhala lamulo lololeza kuchoka pa chimodzi kupita pa chinzake, limene nthawi zambiri silitchulidwa. Amene wazolowera kulekanitsa umboni ndi chigamulo amauona mpata umenewu msanga, n'chifukwa chake kuphunzira kamangidwe kumathandizanso pa mafunso olimbitsa ndi ofooketsa mtsutso.

Mu 2024 madzi a Nyanja ya Malawi adakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'magombe a Mangochi, ndipo mtsutso woyeserera ukhoza kunena kuti, popeza mtsinje wa Shire ndiwo wokha umene umatulutsa madzi m'nyanjayi, ndipo popeza madzi a Shire amayendetsedwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, ndiye kuti zitseko za pamenepo ndizo zidasefukitsa nyanja. Maumboni onse awiriwa ndi oona, koma chigamulocho chikudalira mfundo yosanenedwa yakuti madzi otuluka kudzera mu Shire ndi ochuluka mokwanira kuti kutsegula kapena kutseka zitseko kusinthe kwambiri msinkhu wa nyanja m'nyengo imodzi. Njira yoyesera mfundo yobisika ndi kuikana n'kuona ngati mtsutso utsala chiimire. Mfundo iyi ikakanidwa, chigamulo chimafooka, ndipo izi zimatsimikiza kuti mlembi ankaidalira. Wofuna kufooketsa mtsutsowu angatchule kuti madzi ambiri a nyanjayi amachoka pouma ndi dzuwa kuposa amene amadzera mu Shire, komanso kuti mvula yogwa panyanja penipeni ndi mitsinje ya kumpoto monga Songwe, South Rukuru ndi Ruhuhu wa ku Tanzania zimabweretsa madzi ochuluka.

N'chifukwa chiyani kudziwa nkhani kumasokeretsa wolemba mayeso?

Zimadabwitsa kuti munthu akhoza kulakwitsa pa ndime imene nkhani yake akuidziwa bwino. Mwana wobadwira ku Nkopola, amene adakula akuona mabwato a chilimira akutuluka madzulo ndi nyali zawo ndipo amadziwa chimene mwera umachita kwa asodzi mu Juni ndi Julayi, akawerenga ndime ya makoka ija mtima wake umathamangira kuvomereza kapena kukana, ndipo mosazindikira amatenga chiganizo chimene iye akugwirizana nacho n'kuchiyesa chigamulo cha mlembi. Wina amabweretsa zimene akudziwa, monga zakuti usodzi wa makoka umatsekedwa kale mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, n'kuyamba kuweruza ndimeyo ndi mfundo imene mulibemo. Lamulo la mayeso ndi lakuti umboni woperekedwa m'ndime ulandiridwe monga momwe ulili, ndipo funso lokhalo likhale lakuti mlembi waugwiritsa ntchito motani. Pa chifukwa chimenechi n'kopindulitsa kuyeserera dala pa nkhani zimene zimakhudza mtima, popeza amene angathe kulongosola molondola kamangidwe ka mtsutso umene akudana nawo sadzavutika ndi ndime za mafakitale a kumayiko akutali zimene sizimukhudza.

Kodi pali njira za kaganizidwe zimene zimabwerezedwabwerezedwa?

Zilipo zingapo, ndipo kuzizindikira kumafupikitsa nthawi yowerenga. Yoyamba ndi kutenga zinthu ziwiri zochitika nthawi imodzi n'kunena kuti chimodzi chachititsa chinzake, monga kunena kuti nsomba zidachuluka chifukwa komiti ya pagombe idakhazikitsidwa chaka chomwecho, popanda kufunsa za mvula kapena za msinkhu wa madzi. Yachiwiri ndi kusokoneza chiwerengero chonse ndi zigawo zake, monga kunena kuti nyanja ili bwino popeza nsomba zogwidwa zachuluka, pamene gawo lalikulu la nsombazo ndi usipa ndipo chambo, chimene chidali chambiri m'Nyanja ya Malombe ndi kumwera kwa Nyanja ya Malawi, chidachepa kwambiri. Ndiponso nsomba zogwidwa zikhoza kuchuluka chabe chifukwa asodzi ndi maukonde achuluka. Yachitatu ndi kugamula za gulu lonse pomva anthu ochepa osaimira gululo, monga kufunsa alendo a ku Cape Maclear okha n'kunena za alendo onse a m'boma la Mangochi. Yachinayi ndi kufananiza malo awiri n'kuyesa kuti chimene chidatheka kwina chidzathekanso kuno, osafunsa ngati malowo akufanana pa zinthu zofunika.

Kodi wokhala kutali ndi mizinda ikuluikulu angayeserere bwanji?

Chiyambi chabwino ndi kuyeserera popanda wotchi, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo liwiro limabwera lokha diso likazolowera. Wophunzira atenge ndime imodzi, alembe pambali pa chiganizo chilichonse ntchito yake ndi mwini wake, kenako anene m'mawu akeake ntchito ya zigawo zofunsidwazo asanayang'ane mayankho asanu aja, popeza mayankhowo amalembedwa mofanana dala kuti asokoneze amene wafika kwa iwo wopanda maganizo akeake. Mafunso odalirika kwambiri ndi ochokera kwa eni mayeso, omwe amapezeka m'buku lawo lotchedwa GMAT Official Guide ndi m'mayeso oyeserera aulere a pa intaneti, ndipo popeza netiweki ndi magetsi sizidalirika nthawi zonse, n'kwanzeru kusunga kapena kusindikiza ndime zokwanira sabata yathunthu. Ndemanga za akonzi m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, komanso zokambirana za aphungu ku Nyumba ya Malamulo, ndi malo ena oyesererapo tsiku ndi tsiku popanda kulipira zambiri.

Kope la zolakwa limathandiza kuposa kuchulukitsa mafunso, malinga ngati wophunzira akulembamo chifukwa chenicheni chimene adasankhira yankho lolakwika, kaya adanyengedwa ndi liwu lolozera, kaya adasokoneza mawu a mlembi ndi a otsutsana naye. Pa nkhani ya Chingerezi, vuto lalikulu silikhala m'ndime koma m'mayankho, m'mene mawu monga evidence ndi finding amalozera chinthu chimene chaperekedwa ngati chotsimikizika, pamene claim, judgment ndi prediction amalozera maganizo a munthu. Kusiyanitsa magulu awiriwa kukhoza kugwetsa mayankho angapo nthawi imodzi. Anthu ophunzirira limodzi angayesane pouza mmodzi kuti afotokoze mtsutso wonse m'Chichewa kapena m'Chiyao buku litatsekedwa, chifukwa amene sangathe kunena m'chiyankhulo chake chimene mlembi akufuna ndi chifukwa chake ndiye kuti wangowerenga mawu, mtsutso sanaumve.

Kodi luso limeneli lili ndi ntchito mayeso akatha?

Sukulu za ukachenjede zimayesa luso limeneli chifukwa ntchito yaikulu ya wophunzira wa digiri yachiwiri ndi kuwerenga zolemba za ena n'kulekanitsa zimene apeza ndi zimene akungoganiza, ndipo ntchito ya mkulu wa kampani kapena wa nthambi ya boma siisiyana kwenikweni ndi imeneyi. Woyang'anira hotela amene walandira lipoti lonena kuti alendo achepa chifukwa cha mitengo, mlangizi wa zausodzi amene adaphunzira ku koleji ya ku Mpwepwe ndipo akumvetsera madandaulo a eni maukonde, ngakhalenso khansala pamsonkhano wa chitukuko, onse amafunika kudziwa chimene wolankhula akufuna kuti chivomerezedwe, umboni umene waupereka, ndi mfundo imene waidumpha. Kulephera kuchita zimenezi ndiko kumachititsa kuti misonkhano itherere pa kutsutsa zimene mnzako sananene, kapena kuvomereza chigamulo chachikulu pamene chimene chatsimikizidwa ndi chigamulo chapakati chokha. Amene wayeserera mafunso a kamangidwe kwa miyezi ingapo amazolowera kubwereza maganizo a mnzake molondola asanawayankhe, ndipo akamatsutsa amatha kuloza pamalo penipeni pamene mtsutso wafooka, kaya ndi pa umboni, kaya ndi pa mfundo yobisika, zimene zimapatsa wotsutsidwayo mpata woti akonze kapena abweretse umboni wina.